Tofu Wozizira pa Guwa la kwa a Tsune

Tamae anabadwira ku Yaizu, kunyanja, m'nyumba imene makoma ake ankanunkha utsi chaka chonse. Bambo ake ankawamba nsomba. Sikunali kuwamba kwa tsiku limodzi ayi. Ankaiphika, kuiika pautsi, kuichotsa, kuibwezeranso, mpaka iume gwa ngati chikuni, moti ukamenyanitsa ziwiri zinkalira ngati mitengo. Nsomba yotere sadula. Amaipala pa kabokosi kokhala ndi mpeni pamwamba, ndipo zopalazo zimagwera m'kati, zopyapyala, zofiirira, zopepuka kuposa nthenga. Tamae anadziwa kupala nsomba asanadziwe kulemba dzina lake.

Ikuo ankayendetsa lole yonyamula mitengo kuchokera kumapiri kupita kudoko. Ankaima pasitolo ya bambo a Tamae kuti agule nsomba, ndipo ankachedwa kusankha kuposa munthu wina aliyense. Chaka chisanathe anamutenga Tamae n'kukwera naye kwawo ku Nakazato. Kumeneko kulibe nyanja, koma madzi ali paliponse. Amayenda m'ngalande zamiyala m'mbali mwa msewu, amatuluka pansi kuseri kwa nyumba, ozizira moti mano amawawa ngakhale dzuwa liswe mtengo.

M'katundu wa mkwatibwi munali kabokosi kopalira nsomba kaja. Apongozi ake, a Tsune, anakatembenuza uku ndi uku, kukanunkhiza, n'kufunsa kuti, "Kabokosi aka n'koikira maliro a khoswe?"

A Tsune anali mayi wamfupi, wa pakamwa posagona. Amuna awo anamwalira Ikuo akadali kumsana, ndipo iwo anakhalabe m'nyumbamo, kulera mwana ndi kusamala guwa la makolo. Mpongozi wawo ankamuitana kuti "akunyanja", mpaka atabadwa mwana wamkazi, Chizu, m'pamene anayamba kumuti "amake Chizu". Sankadana ayi. Kungoti wina ankalankhula kwambiri, wina ankayankha ndi mutu.

Chimene sankagwirizana chinali tofu wa m'chilimwe, chakudya choyera chofewa chopangidwa ndi soya. A Tsune ankadya wawo ndi jinja pang'ono ndi kadontho ka shoyu, msuzi wakuda wa soya uja, basi. "Tofu wa kuno safuna womuthandiza," ankatero. "Madzi athu amukometsa kale. Inu mukumuunjikira zinyalala za kukalipentala pamutu." Koma Ikuo, kungolawa kamodzi wa mkazi wake, wa masamba a anyezi ndi nsomba yopala pamwamba, sanabwererenso kwa amayi ake. Akaweruka ankasamba kumaso pakasupe, kukhala pakhonde malaya ali paphewa, n'kuitana kuti, "Tamae, kanyanja kanga kali kuti?" Tamae ankabwera nako m'mbale yake yobiriwira, yobenthuka pang'ono m'mphepete.

Ikuo anamwalira nthawi yozizira. Msewu wa m'phiri unaundana, lole inatsetsereka ndi mitengo yake yomwe. Chizu anali atangoyamba kuyenda.

Mwambo wa maliro utatha, alendo atabalalika, a Tsune ananena mawu awo akupinda zovala, osamuyang'ana.

"Amake Chizu, inu mukadali mtsikana. Masiku a Bon, okumbukira akufa, akatha achimwene anu adzabwere kudzakutengani, inu ndi mwanayu. Kwanu anthu alipo."

"Chabwino, Amayi," anatero Tamae.

Koma sizinali bwino. Iye sankafuna kupita. Ikuo anali kuno. Nsapato zake zinali pakhomo, dzina lake linali paguwa, ndipo madzi a pakasupe ankalankhulabe monga ankachitira iye akusamba. Ku Yaizu akanakapeza chiyani cha iye? Komabe mkazi wobwera sapempha kukhala m'nyumba imene mwini wake wamuonetsa njira. Anaganiza kuti mwina wawatopetsa. Kabokosi kaja anakakankhira pamwamba pa kabati, ndipo chilimwe chitafika ankadula tofu, kuikapo jinja yekha, n'kumadya osamva kukoma kulikonse.

Bon inafika, masiku amene akufa amabwera kudzacheza kwawo. Iyi inali yoyamba kwa Ikuo, ndiye anapachika nyali yoyera ya pepala pakhomo kuti asasochere. Madzulo anayatsa kamoto pachipata, a Tsune akukupiza utsi n'kumati, "Ndi kuno, mwanawe, usapitirire ngati uli pa lole." Mawa lake wansembe wa kukachisi ankayenera kubwera dzuwa lisanafike pamutu kudzapemphera paguwa. Bon ikangotha, achimwene a Tamae ankayenera kubwera.

M'mawa umenewo kunacha ndi kutentha komwe. Nyenje zinayamba kulira anthu asanatsegule zitseko. Kenako kunamveka kalipenga ka a Genzo, ogulitsa tofu, kakubwera pang'onopang'ono ndi njinga yawo. Tamae anatuluka ndi beseni. A Tsune anatulukanso, ngakhale analibe choti agule.

"Genzo, lipenga lakolo likulira ngati ng'ombe ya chimfine. Akufa abwera kudzapuma, ukufuna abwerere?"

"Akufa amandikonda ine, Tsune. Amoyo ndi amene amandivutitsa." Awiriwa anaphunzira kalasi imodzi, ndipo chiyambire nthawi imeneyo sanapatsanepo moni wabwinobwino.

A Genzo anapisa dzanja m'thanki, n'kutulutsa tofu woyera mbee, akunjenjemera ngati wamoyo, n'kumutsetsereza m'beseni mwa Tamae.

"Ndamva kuti mukutithawa, akunyanja."

"Bon ikatha, bambo."

"Ndiye mukatisiya ndi uyu yekha?" Analoza a Tsune ndi chibwano. "Azikangana ndi ndani? Ndi mphika? Tengani winanso uyu. Lero m'nyumba muli mlendo."

"Mlendoyo sadya zambiri," anatero a Tsune. Kenako anatenga chidebe ndi maluwa, kumubereka Chizu, n'kunena kuti akupita kumanda kukathira madzi pamwala wansembe asanabwere. "Zapaguwa mukonze, amake Chizu. Mukudziwa kale."

Ankadziwadi. Chaka ndi chaka ankakonzera apongozi ake aamuna amene sanawaonepo. Timbale tating'ono pathebulo laling'ono: mpunga, msuzi wa bowa, nyemba zophika, ndiwo zamasamba. Paguwa sipafika nyama, sipafika nsomba, sipafika anyezi kapena adyo kapena chilichonse cha fungo lamphamvu. Ngakhale mwana wa sukulu amadziwa. Tamae anakonza zonse bwinobwino, kuika timitengo todyera kuloza kuguwa, n'kubwerera kuseri kuti akaone tofu.

Anali atamuika m'mwala wogoba wa pakasupe, pamene madzi amalowa mbali ina n'kutuluka mbali ina. Tofu wozizira alibe moto, alibe mphika. Ntchito yake yaikulu amagwira ndi madzi. Tamae anagwada, n'kuviika dzanja. Kuzizira kunakwera m'mkono mpaka paphewa. Mthunzi wa masamba unkasewera pamadzi, ndipo tofu uja pansipo ankaoneka ngati akuyandama, ngati kamtambo kamene kagwera m'chitsime. Nyenje zinkalira mawu amodzimodzi osapuma, mpaka munthu n'kusiya kuzimva.

Kutali, kumsewu wa m'phiri, lole ina inasintha giya.

Ankaidziwa giya imeneyo. Pamakhala pokhota pamene aliyense amatsitsa liwiro, ndipo kuchokera pamenepo kufika pakhomo ndi nthawi yokwanira kudula anyezi ndi kupala nsomba, ngati munthu sachedwa. Mtima wake sunaganize kanthu. Manja ndi amene anadzuka.

Anamunyamula tofu pachikhatho, madzi akutsika m'zala. Anamusiya pansalu yoyera kuti akhe pang'ono, pakuti tofu wamadzi amasungunula shoyu. Anathyola masamba a anyezi pakhomo pa khitchini, kuwadula tating'onoting'ono, kuwatsuka m'madzi ozizira kuti ukali uchepe, n'kuwafinya. Jinja anamupala ndi supuni, n'kumukhutiza pa kachitsulo. Kenako anakwera pampando n'kutsitsa kabokosi. Fumbi analipukuta ndi mkono. Nsomba inali momwemo m'pepala lake, yolimba ngati kale. Anaigwira mutu kuloza kwa iye, n'kuyamba kukankha. Kwee, kwee, kwee. Fungo la utsi wa ku Yaizu linadzaza khitchini, ndipo iye anali kwawo ali mwana, anali pakhonde ali mkwatibwi, zonse nthawi imodzi.

Tofu amadulira pachikhatho, mpeni ukutsika mofatsa mpaka ungokhudza khungu. Anamudula pakati, n'kumukhazika m'mbale yobiriwira ija. Anyezi, jinja pakati, nsomba pamwamba ngati kachisa. Shoyu anathira m'mbali, osati pamutu, kuti kuyera kuoneke. Ananyamuka kupita kukhonde, koma pakhonde panalibe munthu. Anaima pang'ono. Ndiye anakumbukira kumene Ikuo amakhala tsopano, n'kutembenukira kuchipinda cha guwa.

Anaika mbale kutsogolo kwenikweni, pakati pa timbale tina. Anayatsa lubani, kuliza kabelu.

"Idyani akadali wozizira," anatero.

Anakhala pamkeka. Utsi wa lubani unkakwera wowongoka ngati ulusi. M'nyumba munalibe kamphepo n'komwe, ndipo kabelu kagalasi kapakhonde kanangoti zii. Tamae anatsamira chipupa. Sanagone kwenikweni. Ankangomva ngati wina wakhala pafupi, wonunkha utomoni wa mitengo ndi mafuta a lole, ndipo sanafune kutembenuka kuti angamuthawitse.

Anadzidzimuka ndi njinga yamoto pachipata, ndi mawu a a Tsune. Anali atakumana ndi wansembe panjira. Wansembeyo, a Joshin, anali bambo wonenepa, wa thukuta, ndipo tsiku limenelo anali ndi nyumba zambiri zoti ayendere. Analowa akupukuta khosi. A Tsune anamugoneka Chizu pambali, pakuti anali atagona kumsana. Wansembe anagwada kutsogolo kwa guwa, kukonza mkanjo, kutulutsa mikanda yake. Kenako mphuno yake inagwedezeka.

M'pamene Tamae anaona chimene wachita. Nsomba ndi anyezi, paguwa, pa Bon yoyamba, pamaso pa wansembe. Mawa tauni yonse idziwa kuti wakunyanja uja, zaka zonsezi, sanaphunzire kanthu, ndipo a Tsune achita bwino kumubweza. Anakwawa ndi maondo kuti achotse mbaleyo.

Dzanja linamugwira mkono wa malaya.

"Musiyeni," ananong'ona a Tsune. "Sanamalize."

Maso awo anali pambale. Tamae anayang'ananso. Nsomba yopala ija inkagwedezeka. Kamodzi kanadzuka, kupindika, kugona, kena kanatsatira. Mwana aliyense wa ku Yaizu amadziwa kuti nsomba yopala imavina pa chakudya chotentha, nthunzi ikamaikankha. Pa tofu wa pakasupe imangogona phee. Mwina unali mpweya wa mkanjo wa wansembe. Mwina kunali kupuma kwa akuluakulu atatu m'chipinda chaching'ono. Utsi wa lubani unali wowongokabe.

A Joshin anatsokomola. "Amayi Tsune, maso angawa akalamba, saona zambiri. Koma mphunoyi ikadali mnyamata."

"Itsineni, abambo, muyambe. Mwana wanga wayenda ulendo wautali, mukufuna ndimulandire ndi nyemba zokhazokha?"

"Malamulo si anga."

"Ndiye si inu amene mulangidwe. Yambani, nyumba zina zikudikira."

Wansembe anayang'ana kudenga ngati akupempha chipiriro, n'kuliza belu. Mawu ake anayamba kutsika ndi kukwera, akusakanikirana ndi kulira kwa nyenje za panja. A Tsune sanasiye mkono wa Tamae mpaka pemphero linatha. Dzanja lawo linali louma ndi lotentha.

Atatha, a Joshin anamwa tiyi wozizira wa balere kapu yonse osapuma. Akuvala nsapato pakhomo anati, "Anali kukonda zimenezi?"

"Tsiku lililonse la chilimwe," anayankha Tamae, mutu uli pansi. "Pepani, abambo. Sindikudziwa kuti zinachitika bwanji."

"Zimachitika. Chaka chamawa mudzaike pakathebulo kena pambali, kunja kwa guwa. Pamenepo mphuno yanga sifikapo." Analiza njinga yawo n'kumapita.

Chaka chamawa. Mawuwo anatsala m'nyumba ngati mlendo wosadziwa pokhala. Azimayi awiriwo anabwerera kuguwa osayang'anana. Chakudya cha paguwa sichitayidwa. Akufa akadya fungo lake, amoyo amatsitsa n'kudya. A Tsune anadumpha timbale tonse n'kutenga yobiriwira ija. Anadula kachidutswa ndi timitengo, pamodzi ndi nsomba yomwe, n'kuika m'kamwa. Anatafuna nthawi yaitali, ngakhale tofu safuna kutafuna.

"Watentha," anatero. "Ali ngati madzi osambitsira khanda. Genzo anakupatsani awiri, si choncho?"

"Wina ali pakasupe, Amayi."

"Tiyeni."

Kukhitchini a Tsune anakokera kabokosi kwa iwo. Anagwira nsomba ngati akugwira mpini, n'kukankha ndi mphamvu. Atatsegula kadilowa munali fumbi lokhalokha.

"Mwaigwira chozondoka, Amayi. Mutu uloze kwa inu."

"Mutu wake uli kuti? Chinthu chilibe maso, chilibe pakamwa." Anayesanso. Fumbi. Analiyang'ana pachikhatho n'kupukusa mutu. "Ndiye chaka chamawa akabwera ndidzamupatsa izi? Adzati amayi andipatsa dothi."

"Ndikuphunzitsani ndisanapite. Sizovuta."

"Kwa inu. Ine manjawa ndi a mapiri, amadziwa khasu ndi nkhuni. Kuphunzira kwanga kuchedwa." Anatembenuza nsomba ija, osamuyang'ana. "Kutenga zaka. Mwina mpaka Chizu adzakwatiwe."

Tamae anali atanyamula tofu pachikhatho, mpeni uli m'mwamba. Madzi ankadontha pachigongono. Anaima choncho.

"Amayi, munati ndipite."

"Ndinati ndinu mtsikana. Ine amuna anga atamwalira palibe anandiuza zimenezo. Anangondipatsa makiyi ndi guwa, ndipo nditadzuka tsiku lina ndinapeza ndakalamba. Ndinati mwana wa eni ndisamuchite zomwezo." Anapukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja. "Inunso munangoti chabwino. Chabwino, Amayi. Ngati ndakutumani mchere."

"Ndimayesa ndakutopetsani."

"Kunditopetsa mumanditopetsa. Munthu wosayankha amatopetsa. Koma ndinakuuzani kuti sindifuna kutopa?"

Tamae anafuna kuseka, koma chimene chinatuluka sichinali kuseka kokha. Anaweramitsa mutu, n'kutsitsa mpeni pang'onopang'ono mpaka unakhudza khungu.

"Ine sindikufuna kupita, Amayi."

"Ndamva. Dulani tofuyo asanatenthenso."

Anakonza mbale ziwiri. Anatenga nsomba m'manja mwa a Tsune, kuitembenuza, n'kupala. Kwee, kwee. Zopalazo zinatuluka zazitali, zopindika. Anafunsa ndi maso ngati aike pambale zonse, ndipo a Tsune anakankhira yawo kutsogolo. Anakadyera pakhonde, miyendo ili lende. Kamphepo kanabwera kuchokera kukasupe, ndipo kabelu kagalasi kanalira kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo. Tofu anali wozizira mpaka m'mano, wofewa, ndipo Tamae anamva kukoma kwa soya, kenako utsi, kenako jinja akuluma kumapeto kwa lilime.

"Nanga achimwene ndiwauze chiyani? Akonzeka kale."

"Auzeni abwerebe," anatero a Tsune akukokota mbale. "Koma abwere ndi nsomba. Iyi yatsala kachidutswa, ndipo theka ndalisandutsa fumbi ine."

Achimwene akewo anabweradi, ndi nsomba zokulunga m'pepala, n'kubwerera okha pa basi ya masana. Tamae anapeza ntchito yophika kusukulu ya ana, ndipo akadali ku Nakazato. Pa Bon iliyonse pambali pa guwa pamakhala kathebulo kakang'ono ndi mbale yobiriwira yobenthuka. A Tsune kupala nsomba sanaphunzirebe. Akafunsidwa amati mutu wake sunaoneke.